Mazira a Ngolovani

Fulu uja analowa pakhomo pa Dorah ku Amaveni, m'dziko la Ashona, ali m'thumba la ovololo ya amuna ake, a Nehemiya, thupi lonse losaposa chibakera cha mwana. Anamutola m'mbali mwa njira pochokera kumgodi. Dorah anati akamubweze kumene amutola, ndipo ngati ili ndiwo anene msanga moto usanazime. A Nehemiya anangoseka n'kukamusiya kuseri kwa nyumba, pakadimba ka repu. Anamutcha Ngolovani, dzina la tingolo tachitsulo timene ankakankha pansi pa mgodi, poti msana wake unali wotumphuka ndipo ankayenda ngati wasenza miyala.

Zaka makumi atatu zinadutsa. Mgodi unatseka, ana anakula n'kumwazikana, a Nehemiya anatsala ndi chifuwa cha fumbi ndi fulu wawo. Ngolovani anakula mpaka kumafuna manja awiri pomunyamula. Repu wa Dorah sankafika pothyola. Amayi a kumpingo akabwera ankafunsa kaye za fuluyo, akumutcha mainini, monga Ashona amatchulira mkazi wamng'ono, kenako n'kufunsa za mwini nyumba. Dorah sankaseka nawo. Iye anali munthu wa nkhuku: nkhuku umaidyetsa, imaikira, mwana n'kudya dzira popita kusukulu. Fulu ankangodya. A Nehemiya akayamba kufotokoza za makhalidwe a fulu, iye ankatenga chitini cha gaga n'kunena kuti nkhuku zikumudikira.

Mvula ikayamba, Ngolovani ankasowa mtendere. Ankazungulira mpanda tsiku lonse, kununkhiza dothi, kukana chakudya, mpaka atapeza malo amene wawakonda. Pamenepo ankakodzera pansi kuti pafewe, n'kukumba ndi miyendo yakumbuyo, n'kuikira, n'kukwirira bwinobwino ngati sipanachitike kanthu. Koma analibe mwamuna. Mazira ankangowolera m'dothi chaka ndi chaka, a Nehemiya ali pakabenchi kuwadikirira ngati munthu wodikira basi yoti inasiya kale kuyenda.

Wamwamuna anabwera mochedwa. Msuweni wa a Nehemiya wolima thonje ku Gokwe ndiye anabwera naye m'saka pa basi. Ameneyu anamutcha Foromani, chifukwa ankangoyendayenda pabwalo osagwira kanthu. Ntchito imodzi yokha ndiyo ankaidziwa, ndipo ankaigwira mwaphokoso, akubuula ngati nkhalamba yokwera phiri, makamaka Lachinayi amayi a kumpingo akakhala m'nyumba ndi mabuku a nyimbo. Dorah ankangoyambitsa vesi ina mokweza. Foromani sanathe zaka ziwiri. Lole ya anthu okumba golide, pobwerera m'mbuyo, inagwetsa mpanda n'kumuphwanya ngati chipanda.

A Nehemiya anamukwirira okha. Patapita masiku atatu anauza Dorah kuti fulu wamkazi amasunga mbewu ya mwamuna m'mimba kwa nthawi ndithu, choncho mazira a mvula ikubwerayi adzakhala ndi moyo. Za mvula inayo sankadziwa. Za iwo eni, ndi chifuwa chimenecho, sankadziwanso.

Mu Januwale Ngolovani anakumba patsinde pa mgwafa, pafupi ndi khoma lakuseri. A Nehemiya anagwada pambali masana onse n'kuwerenga mazira khumi ndi limodzi, oyera, obulungira ngati timipira. Anayala waya wa khola pamwamba n'kutsendereza ndi njerwa kuti agalu ndi makoswe asafukule. Anati mazira a fulu amatenga pafupifupi chaka.

"Amayi a Mazvita," anatero akudzuka mogwirira mtengo, "ine ndingotiona tiana timeneti tikutuluka m'dothi. Zina zonse ndaona kale."

Dorah anati asiye kulankhula ngati munthu wogawa malaya ake, akasambe m'manja, tiyi wazizira.

Patapita masabata awiri a Nehemiya anagwa pampopi. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako mbali ya kumanja itafa yonse, pakamwa patapotoka, mawu atathawa. Chimene chinkatuluka chinali kubuula kumodzi kokha, kofanana akafuna madzi, akamva kuwawa, akathokoza. Kulemba ndi dzanja lamanzere kunakanika, ankangokanda pepala. Maso okha ndiwo anatsala amoyo. Dorah anakokera bedi pawindo loyang'ana kumgwafa, ndipo maso aja ankakhala pa waya ndi njerwa zija kuyambira m'mawa. Anaona yekha kuti chimene chikuwasunga amuna ake si mapilisi a kuchipatala.

Kumapeto kwa Febuluwale paipi ya zonyansa inaphulika kuseri kwa mzere wa nyumba zawo. Madzi akuda anabooleza pansi pa khoma n'kumayenderera kumgwafa. Dorah anatenga khasu, anakumba ngalande, anaunjika dothi. Madzi anazungulira mbali ina. Aneba anati okonza abwera, koma liti, palibe ankadziwa. Iye sanataye nthawi ndi kulira. Anachotsa njerwa, anafukula ndi zala, n'kutulutsa mazira onse khumi ndi limodzi osasweka ndi limodzi lomwe. Anapempha mchenga kwa mmisiri amene ankamanga pafupi, anauthira m'beseni lake lalikulu lochapira, anayalamo mazira, n'kuika beseni pampando m'chipinda, pamene dzuwa linkafika, a Nehemiya akuona.

Apa Dorah anamva kuti wafika pa ntchito imene amaidziwa. Za fulu sanafunsepo kanthu pa zaka makumi atatu, koma za dzira panalibe mu Amaveni woti n'kumuphunzitsa. Chaka china thadzi lake litagwidwa ndi galu, iye anaswetsa anapiye asanu ndi atatu m'katoni ndi nyali ya parafini. Lamulo lake ndi limodzi: dzira losatembenuzidwa limafa, mwanapiye amamatira ku chigoba. Thadzi limatembenuza ndi mlomo. Ngolovani, mayi wopanda chisoni, anakwirira n'kupita kukadya repu, ndiye Dorah akhala thadzi. Anatenga khala, analemba kamtanda mbali imodzi ya dzira lililonse kuti asasokoneze. M'mawa timitanda pamwamba, masana timitanda pansi.

Tsiku loyamba lomwe, atangogwira dzira n'kulitembenuza, a Nehemiya anabuula mokweza, dzanja lamanzere likumenya chitsulo cha bedi. Dorah anasiya n'kubweretsa madzi. Anakankha kapu. Anabweretsa chitini chokodzeramo. Anakankhanso. Anawagoneka mbali ina, anawapukuta, anayang'ana m'mabulangeti ngati muli nsikidzi, munalibe. Atabwerera pabeseni phokoso linayambiranso. Anaganiza kuti mwina akufuna kugwirako monga mwini mazira, ndiye anawapatsa limodzi. Analilandira mosamala, osaligwedeza, n'kulifumbatira pachifuwa, ndipo anakana kulibweza. Dorah anachita kuwatambasula zala chimodzichimodzi.

"Muliswa inu. Taonani, lili bwinobwino," anatero akuligubuduza pachikhatho kuti aone kuti lilibe mng'alu.

Zinakhala choncho m'mawa ndi masana. Neba wawo Imelda, mayi wa geni amene anachoka ku Malawi posachedwa n'kumagulitsa zitenje pamsika, anasuzumira tsiku lina n'kupeza Dorah ali pa ntchito yake. Anati chaka chino waona zachilendo, mkazi wamkulu kufungatira mazira a mkazi wamng'ono. Kwawo akanaphwanyiramo anyezi ndi tomato, nkhani n'kutha. Dorah anati akhudze limodzi aone ngati atuluke ndi dzanja. Imelda anaseka n'kutembenukira kubedi.

"Agogo, muli ndi mwayi inu. Ena akazi awo akanataya kalekale. Mukulira chiyani nanga?"

A Nehemiya ankamuyang'ana Imelda, n'kuyang'ana beseni, n'kumuyang'ananso, misozi ikuyenderera m'khutu. Imelda anati akuthokoza, ndipo Dorah anati mwina.

Tsiku lina ali kukhitchini anamva chinthu chikugwa. Anapeza a Nehemiya ali pansi, akudzikoka ndi chigongono kulunjika pampando wa beseni, magazi akuchucha pachipumi. Anawakalipira monga amakalipira mwana wosewera ndi moto. Imelda anamuthandiza kuwakweza pabedi, kenako Dorah anasunthira mpando patali. Nesi wa kukiliniki anamuuza kuti asadandaule, odwala sitiroko amatero, amapsa mtima ndi kulira popanda chifukwa. Dorah anavomereza. Anayamba kutembenuza mazira atawafulatira, akung'ung'udza nyimbo kuti asamve.

Pofika Epulo kubuula kunatha. Dorah akalowa kudzagwira beseni, a Nehemiya ankangotembenuzira nkhope kukhoma. Phala ankadya masupuni atatu kapena anayi. Iye anauza amayi a kumpingo kuti mtima wa odwala wakhala pansi tsopano, mapemphero agwira ntchito, ndipo onse anati ameni. Mazirawo anali atayamba kuwakonda, ngakhale sakanavomera pagulu. Ankadziwa lalikulu, ankadziwa lokhala ndi kabanga ka dothi, ndipo kukazizira ankafunditsa beseni ndi juzi yake.

Mu Juni mwana wawo wamkazi Mazvita anabwera kuchokera ku Maglas, ku Zvishavane, ndi mwamuna wake Gedion. Gedion anali Mshona wofatsa, woyendetsa lole, ndipo ulemu wa mkamwini kwa apongozi aakazi ankausunga kuposa Achewa eni. Zaka khumi ndi zisanu za ukwati iye ndi Dorah ankalonjerana chapatali, wina pakhomo wina pageti, maso pansi. M'chipinda chogona anali asanapondemo. Koma tsiku limenelo panafunika munthu wamphamvu woti anyamule odwala akawothe dzuwa, ndipo Mazvita anati mwambo udikire panja.

Gedion analowa atawerama, akuomba m'manja. Anali masana, Dorah ali pabeseni, timitanda tikupita pansi kamodzikamodzi. Gedion anaima. Anayang'ana manja a apongozi ake, anayang'ana a Nehemiya, amenenso ankamuyang'ana iye osaphethira. Ananyamula nkhalamba ngati mtolo wa udzu n'kukaikhazika pampando pakhomo, ataifunditsa bulangeti. Kenako anakodola mkazi wake, ndipo anakaima kugeti n'kumanong'onezana mu Chishona nthawi yaitali.

Mazvita anapeza mayi ake kukhitchini akudula tomato. Anayamba ndi kuyamikira kuti bambo akuoneka osamalidwa, alibe zilonda za pabedi. Dorah anati anene chimene wabwerera, mafuta akupsa. Mazvita anafunsa kuti mazira aja amawatembenuza kangati.

"Kawiri pa tsiku. Sindinaphonyepo."

"Kuyambira liti, mhamha?"

"Kuyambira tsiku limene ndinawafukula. Bwanji?"

Mazvita anakumbutsa mayi ake kuti Gedion asanayambe za malole anagwirapo ntchito pa famu ya ng'ona cha ku Kariba, yotola mazira m'mphepete mwa madzi. Iyeyo akuti mazira a ng'ona ndi a fulu satembenuzidwa. Dorah anati dzira ndi dzira, ndipo munthu amene sanaswetsepo mwanapiye ndi mmodzi yemwe asamuphunzitse. Koma mpeni anauika pansi. Anati amuitane, adzanene yekha.

Gedion sanalowe. Ananyonyomala panja pambali pa chitseko, nkhope kumpanda, n'kulankhula Chichewa chake chophunzira m'banja, akusankha mawu ngati woyenda paminga. Anati dzira la nkhuku ndi lina. M'dzira la ng'ona kamwana kamakwera pamwamba masiku oyambirira, n'kumamatira ku chigoba, n'kukulira pomwepo. Ukalitembenuza kamathothoka, kapena chachikasu chija chimakagwera n'kukapana. N'chifukwa chake ku famu dzira lililonse ankalilemba pamwamba lisanachoke m'dzenje, n'kulinyamula mmene alipezera, ngati kapu yodzaza tiyi. Kapitawo wawo ankawetanso afulu kunyumba kwake, ndipo lamulo linali lomwelo.

Dorah anafunsa kuti kutembenuza kangati ndiye kumapha. Gedion anakanda pansi ndi kamtengo.

"Pena kamodzi kokha, amayi."

"Ine ndatembenuza miyezi inayi."

"Simunadziwe, amayi. Mukanawasiya m'madzi aja akanafabe. Mwina pali limodzi lolimba."

"Musandiphimbe m'maso, bambo. Ndafunsa, mwayankha. Zikomo."

Anapukuta manja, analowa m'chipinda, anatenga dzira limodzi n'kutuluka nalo kuseri. Analiyandikiza kukhutu n'kuligwedeza. Munkamveka madzi okhaokha. Analimenya panjerwa, ndipo fungo linamubweza m'mbuyo. Anatakasa ndi kamtengo m'zobiriwirazo mpaka anapeza kanthu kakuda, kopindika, kochepa kuposa nyemba, kali ndi kadontho ka diso. A Nehemiya sanalakwe, Foromani anasiyadi mbewu. Anabwerera kukatenga lachiwiri. Chimodzimodzi. Akupita kukatenga lachitatu, Mazvita anaima pakhomo la chipinda n'kumugwira mkono.

Apo m'pamene kubuula kwa miyezi iwiri kuja kunamveka m'makutu mwake ngati mawu a munthu. Anakhala pasimenti. Sanakhalitse. Anadzuka, anasamba m'manja ndi sopo kawiri, anauza Mazvita kuti atereke mpunga, n'kutuluka.

A Nehemiya anali pomwe anawasiya, bulangeti mpaka m'khosi. Fungo linali litawafika kale. Dorah anakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, mmene anali asanakhalirepo chichokere pa utsikana wake.

"Bambo a Mazvita. Munkandiuza."

Maso aja anatsika n'kukhala pa iye.

"Munkandiuza tsiku ndi tsiku. Ine ndinkakubweretserani chitini."

Anadikira kubuula, kapena dzanja lamanzere kuti limumenye, zimene akanazilandira ndi manja awiri. Panalibe. Anamuyang'ana monga ankayang'anira khoma, kenako anatseka maso. Dorah anati atsala asanu ndi anayi, sawagwiranso, mkamwini wati mwina pali limodzi lolimba. Anadzimva yekha akubwereza mawu amene anali atangowakana.

Alendo anabwerera ku Maglas m'mawa mwake. Msuweni wa ku Gokwe uja anali atamwalira, ndiye Gedion analonjeza kuti akamayenda ndi lole aziyang'ana m'mbali mwa msewu, mwina n'kupeza fulu wina wamwamuna. Aliyense anadziwa kutalika kwa njira imeneyo: kumupeza, kuti azolowerane ndi Ngolovani, kudikira mvula, kenako chaka cha mazira. Aliyense ankamvanso chifuwa cha a Nehemiya kuchokera pageti.

Beseni linakhala pampando wake. Dorah ankawaza timadzi mchenga ukauma, monga Gedion ananenera, osakhudza dzira. Nthawi ya masana ikakwana manja ake ankanyamuka okha, ndipo ankatuluka kukasesa bwalo losesa kale. Imelda atamva nkhani yonse anasiya nthabwala zake, ankangobweretsa nthochi n'kuzisiya patebulo. A Nehemiya anawonda mpaka Dorah kumatha kuwanyamula yekha. Anayesa kuwauza nkhani za mumzere, za amene wakwatiwa, za amene wamwalira, za paipi ija imene anaikonza pomaliza. Anayesa kuwabweretsera Ngolovani m'chipinda, atamupukuta dothi ndi kansalu. Fulu anatulutsa mutu, anayenda mpaka kumwendo wa bedi, anatembenuka n'kufuna khomo. A Nehemiya sanamuyang'ane.

Okutobala anafika ndi kutentha kwake, malata akulira padenga. Masana ena m'beseni munamveka kuphulika. Dorah anathamangirako akuganiza kuti limodzi laswa, poti munthu sasiya kupusa. Linali dzira laphulika lokha chifukwa cha kuwola. Fungo linadzaza chipinda, ntchentche zikulowa pawindo. Anachotsa zigoba, anasintha mchenga wa pamenepo, anafukiza makoko a lalanje. Patapita masiku awiri linaphulika lina.

Lachitatu linaphulika akuwadyetsa phala. Dorah anaika mbale pansi n'kuima pakati pa bedi ndi mpando, manja ali lende.

"Ndichotse?"

A Nehemiya anakweza dzanja lamanzere pang'onopang'ono n'kuloza kuchitseko, kawiri.

Ananyamula beseni n'kupita nalo kumapeto kwa dimba. Dothi linali louma gwa, khasu likudumpha. Anakumba mpaka m'mawondo kuti agalu asafike, anakhuthuliramo zonse, anakwirira, anapondaponda. Beseni analitsuka ndi phulusa, poti mawa linali tsiku lochapa mabulangeti a odwala. Atabwerera m'chipinda phala linali litazizira mpaka kuuma pamwamba. Analitenthetsa, anathiramo shuga wochulukirapo, anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuuzira supuni. Anaifikitsa pamlomo. Milomo sinatseguke. Anadikira, dzanja lili m'mwamba.